Kukunkha Luso: Mbiri ya Osankhidwa Kumapeto

Palibe mawu amene amagwedeza mabanja kuno kwathu ku Mulanje kuposa akuti "wasankhidwa." Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, makolo amakhamukira kusukulu kukaona mndandanda wa maina: uyu wapita kusekondale yogonera komweko, uyu yoyendera, uyu dzina lake palibe. Pakapita masabata angapo pamatuluka mndandanda wina, wa masankho achiwiri, wodzaza malo a ana amene sadakafike kusukulu zimene adatumizidwa. Mndandanda wachiwiriwu sauimbira nthungululu zambiri, komabe pafupifupi tonse tikudziwa namwino, mphunzitsi kapena mkulu wa ofesi amene adalowa sekondale kudzera pakhomo limeneli, nadzaposa anzake amene adatchulidwa poyamba.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo theka la moyo wanga latha ndikusanja mafayilo ndi mindandanda ya maina a anthu. Mwina n'chifukwa chake ndimakopeka ndi mbiri ya masewero a basiketibolo a ku America, kumene kusankha anthu kudasanduka mwambo wa chaka ndi chaka. Ambiri a msinkhu wanga masewerowa tidawadziwira pa kaunjika, m'zaka za m'ma 1990, pamene zovala zofiira zolembedwa Chicago Bulls ndi nambala 23 zidadzaza m'misika ya Chitakale ndi Limbuli. Koma m'nkhani ino sindikufuna kukamba za Michael Jordan, mwini nambala ija. Ndikufuna kukamba za anyamata a m'makoleji amene maina awo amaitanidwa kumapeto, holo itayamba kupungulika anthu, komanso za luso la amene amawasankha. Ntchito imeneyi ndikuifanizira ndi kukunkha. Mwini munda akakolola mtedza wake n'kupita, pamabwera wina ndi kakhasu kufukula zotsalira, ndipo nthawi zina amadzaza dengu.

Chiyambi cha mwambo wosankha

Basiketibolo adayambitsidwa ndi mphunzitsi wina dzina lake James Naismith m'chaka cha 1891, mumzinda wa Springfield m'chigawo cha Massachusetts. Chaka chomwecho Henry Brown adali kudzala tiyi kuno ku Mulanje, ndipo za tiyiyo tibwererako kutsogoloku. Masewerowa adakulira m'masukulu ndi m'makoleji, kotero kuti pamene ligi ya osewera olipidwa, imene lero ikutchedwa NBA, inkayamba mu 1946, nkhokwe ya osewera idali kale m'makoleji. Vuto lidali lakuti adzagawana bwanji. Akadasiya kuti aliyense adzigulire, matimu olemera a m'mizinda ikuluikulu akadasesa anyamata onse aluso, monga momwe matimu a ku Blantyre ndi Lilongwe amachitira ndi osewera mpira wamiyendo a m'maboma. Choncho mu 1947 adayambitsa mwambo umene eni ake amautcha draft. Matimu amasankha mosinthana, wosewera mmodzimmodzi, ndipo amene adachita moipa chaka chathacho ndiwo amayamba. Onse akasankha kamodzi, imeneyo ndi ndime yoyamba, kenaka amayambiranso ndime yachiwiri.

M'zaka zoyambirira matimu adalibe ndalama zotumizira anthu kukaonera anyamatawa akusewera. Ankadalira nyuzipepala, makalata ndi mawu a anzawo. Padalinso lamulo lolola timu kutenga wosewera wa koleji ya m'dera lake isadayambe ndime yoyamba, pofuna kukopa anthu oonerera amene ankamudziwa kale. Lamuloli lidagwira ntchito mpaka 1965. Zikafika ku ndime zakumapeto, kusankha kunkakhala kongolota. Mu 1960 ndime zidafika 21, ndipo ngakhale m'zaka zimene zidachepetsedwa kufika 10, matimu ena ankangotchula dzina kuti aseketse anthu. Mu 1984 timu ya Chicago Bulls, itasankha Jordan pa nambala 3, idagwiritsa ntchito ndime yake ya 10 kutchula Carl Lewis, katswiri wa liwiro amene sankasewera basiketibolo n'komwe. Akuluakulu adanena kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo masankho ambiri a nthawi imeneyo adali a kandimverere.

Komabe ngakhale m'chisokonezo chimenechi, khunkha lidabala mbiri. Mu 1950, nthawi imene tsankho pakati pa azungu ndi anthu akuda lidali lololedwa ndi malamulo m'zigawo zambiri za dzikolo, timu ya Boston Celtics idasankha Chuck Cooper m'ndime yachiwiri, kukhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa. Tsiku lomwelo timu ya Washington Capitols idasankha Earl Lloyd, wa koleji ya anthu akuda ya West Virginia State, m'ndime ya 9. Pa 31 Okutobala 1950, Lloyd ndiye adakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu NBA, ndipo mu 1955 adatenga chikho ndi timu ya Syracuse Nationals. Kuchedwa kwa dzina lake sikudali chifukwa cha kuchepa kwa luso. Osankhawo sankapita kumakoleji a anthu akuda, ndiye akadamuona bwanji? Ili ndilo phunziro loyamba la mbiriyi: nambala imene munthu wasankhidwira imatiuza zambiri za kumene osankhawo adayenda, kuposa za luso la wosankhidwayo.

Nyengo ya oyenda ndi mapazi

Ligi itayamba kupeza ndalama, padabadwa ntchito ya osaka luso, anthu amene ankatha chilimwe ndi dzinja ali pamsewu, kugona m'nyumba za alendo zotchipa, kuonera masewero m'timakoleji tosadziwika. Wotchuka mwa iwo adali Marty Blake, amene kwa zaka zambiri adatsogolera ntchitoyi m'malo mwa ligi yonse, kulemba malipoti ndi kuwatumiza kumatimu. Padalinso mpikisano wa mumzinda wa Portsmouth m'chigawo cha Virginia, umene udayamba mu 1953, kumene anyamata omaliza koleji amene sadatchuke amasonkhana masiku angapo kuti aonetse zimene angathe.

Anthu awiri akuimira bwino nyengo imeneyi. Woyamba ndi Mark Eaton, chimphona cha mamita 2.24, amene adali makaniko wa galimoto pamene mphunzitsi wa koleji ina yaing'ono adamuona n'kumukakamiza kuti ayese masewerowa. Atapita kuyunivesite ya UCLA ankangokhala pabenchi. Timu ya Utah Jazz idamutenga mu 1982 pa nambala 72. Eaton sankadziwa kugoletsa, koma ankadziwa chinthu chimodzi, kutchinga mpira usadafike padengu. M'nyengo ya 1984 mpaka 1985 adatchinga mipira 456, chiwerengero chimene palibe wachifikapo kufikira lero.

Wachiwiri ndi Dennis Rodman. Atamaliza sekondale palibe koleji idamufuna, ndipo adagwirapo ntchito yokolopa pabwalo la ndege la Dallas. Adatalika mochedwa, nakasewera pa kakoleji ka Southeastern Oklahoma State, kutali ndi makamera. Adaonekera ku Portsmouth kuja mu 1986, ndipo timu ya Detroit Pistons idamusankha pa nambala 27, m'ndime yachiwiri, ali ndi zaka 25. Luso lake lidali lotola mpira umene waphonya dengu, ntchito yolimbana ndi zigongono imene akatswiri ambiri saikonda. Adatsogola ligi yonse pa ntchitoyi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, ndipo adatenga zikho zisanu, ziwiri ku Detroit ndi zitatu ku Chicago pambali pa Jordan.

Mu 1989 ligi idachepetsa ndime kufika ziwiri zokha, ndipo ndi mmene zilili mpaka pano. Popeza matimu alipo 30, maina amene amaitanidwa sapitirira 60 pa chaka, kuchokera mwa anyamata zikwizikwi a m'makoleji ndi a kunja kwa dzikolo. Kusiyana kwa ndime ziwirizi ndi kwakukulu. Wosankhidwa m'ndime yoyamba amalandira mgwirizano wotsimikizika wa zaka zosachepera ziwiri, ndipo malipiro ake adaikidwiratu. Wa m'ndime yachiwiri alibe chitsimikizo chotero, timu itha kumuyesa miyezi ingapo n'kumuuza kuti alongedze. Kuyambira pamenepo kukunkha kudaleka kukhala nthabwala, kudakhala ntchito yofuna mutu.

Zimene okunkha adaphunzira

Munthu wosankha pa nambala 40 kapena 50 amadziwa kuti anyamata okwana mbali zonse adatengedwa kale. Aliyense wotsala ali ndi chilema chimene chidachititsa matimu kumulumpha: ndi wamfupi, ndi wochedwa, wakula msinkhu, adavulalapo bondo, kapena adasewera ndi matimu ofooka. Funso la wokunkha silikhala lakuti mnyamatayu akusowa chiyani, pakuti zimenezo aliyense waziona. Funso limakhala lakuti ali ndi chiyani chimodzi chimene chidzagwirebe ntchito akadzakumana ndi amuna aatali ndi aliwiro kuposa iye. Pa zaka makumi angapo, mayankho ena akhala akubwerezabwereza.

Loyamba ndi lakuti si ziwerengero zonse za kukoleji zimene zimawoloka naye munthu. Kuchuluka kwa mapointi kumanyenga, chifukwa mnyamata amene timu yonse inkamupatsira mpira kukoleji sadzapatsidwa mwayi wotero pakati pa akatswiri. Koma kutola mipira yophonya dengu ndi kulanda mpira m'manja mwa adani kumaonetsa maso akuthwa ndi khama, ndipo zimenezi sizitsalira kukoleji. Paul Millsap, wa ku Louisiana Tech, adatsogola makoleji onse akuluakulu pa kutola mipira zaka zitatu zotsatizana, koma ankamunena kuti ndi wamfupi pa malo amene ankasewera. Utah idamutenga pa nambala 47 mu 2006, ndipo pambuyo pake, ali ku Atlanta, adasankhidwa kanayi m'gulu la akatswiri a ligi. Chimodzimodzi pofuna kudziwa ngati mnyamata adzatha kuponya kuchokera patali, osaka luso ambiri amayang'ana kwambiri mmene amagoletsera mipira yaulere, ija amaponya ataima payekha akachitiridwa faulo. Pamenepo palibe womutchinga, mtunda ndi umodzimodzi kulikonse, choncho dzanja lenileni la munthu limaonekera.

Lachiwiri ndi nkhani ya zaka. Matimu osankha poyamba amakonda anyamata a zaka 19, amene angokhala chaka chimodzi kukoleji, poganiza kuti mtengo wanthete ndiwo umawongoleka. Maganizowa ali ndi nzeru, chifukwa mnyamata wa zaka 22 amene akupondereza a zaka 18 mwina akungopambana ndi kukhwima kwa thupi. Koma chizolowezichi chidachititsa kuti amene akhala zaka zitatu kapena zinayi kukoleji azionedwa ngati katundu wotsala pashelefu. Draymond Green adatha zaka zinayi ku Michigan State. Ankati ndi wonenepa, komanso ndi wamfupi moti sangasewere pafupi ndi dengu, wochedwa moti sangasewere kunja. Golden State Warriors idamutenga pa nambala 35 mu 2012, ndipo adakhala msana wa chitetezo cha timu imene idatenga zikho mu 2015, 2017, 2018 ndi 2022. Malcolm Brogdon, amene ali mnyamata adayenderapo dziko lathu lino, adachoka kuyunivesite ya Virginia ali ndi zaka 23 ndi madigiri awiri. Adasankhidwa pa nambala 36 mu 2016, nakhala wosewera watsopano wopambana onse mu 2017. Jalen Brunson adatenga zikho ziwiri za makoleji ndi Villanova, mu 2016 ndi 2018, koma adadikira mpaka nambala 33, ndipo patapita zaka zochepa adakhala mtsogoleri wa timu ya New York Knicks. Onsewa mbiri yawo idali poyera kwa zaka zambiri. Vuto lidali lakuti osankha adawaona nthawi yaitali mpaka adayamba kuwerenga zilema zokhazokha.

Lachitatu ndi msinkhu. M'masewero amene dengu lili mamita 3.05 kuchokera pansi, kutalika ndi chuma, ndipo chaka chilichonse ku Chicago anyamata amayezedwa msinkhu, kutalika kwa mikono ndi kudumpha kwawo ngati ng'ombe pamsika. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnansi wathu Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, wotalika mamita 2.21, adayamba masewerowa ali kale mnyamata wamkulu, nakachita bwino potchinga mipira kuyunivesite ya Connecticut. Mu 2009 timu ya Memphis idamusankha pa nambala 2, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry. Katundu amene adamusenzetsa adali wolemera kuposa zaka zimene adaphunzira masewerowa, ndipo pofika 2014 adali atatuluka mu ligi. Sindikunena izi momunyoza, pakuti kufika kumene adafikako ndi chinthu chimene Mtanzaniya wina adali asadachitepo. Cholakwa chidali cha oyeza, amene adaona mamita n'kuiwala kufunsa zina. Patangopita zaka ziwiri, mu 2011, dzina lomaliza kuitanidwa, pa nambala 60, lidali la Isaiah Thomas wa kuyunivesite ya Washington, wotalika mamita 1.75 okha, msinkhu wa amuna ambiri amene timakumana nawo pa depoti. M'nyengo ya 2016 mpaka 2017, akusewerera Boston, ankagoletsa mapointi pafupifupi 29 pa masewero alionse.

Lachinayi silioneka m'ziwerengero. Wosankhidwa kumapeto sapatsidwa mpira kuti aonetse luso, amapatsidwa benchi ndi ntchito zonyozeka. Motero osaka luso amafunsa aphunzitsi, anzake ngakhale ogwira ntchito m'bwalo: kodi amafika nthawi yanji pokonzekera, akadzudzulidwa amatani, timu ikagonja amaloza chala yani? Ndiponso mbewu yabwino imafuna dimba. Matimu amene amapindula ndi khunkha ndi amene ali ndi aphunzitsi odekha komanso timu yaing'ono m'ligi yokulitsira osewera, imene lero ikutchedwa G League, kumene mnyamata amakasewera mpaka atapsa.

Pano ndiyenera kuchenjeza awerengi. Maina amene ndatchulawa ndi a opambana, ndipo mbiri imakonda opambana. Ambiri mwa osankhidwa m'ndime yachiwiri satha zaka zambiri mu ligi, ena saponda n'komwe m'bwalo. Ngakhale timu ya Denver, imene mu 2014 idatola Nikola Jokić wa ku Serbia pa nambala 41, nthawi imene wailesi yakanema inkaonetsa malonda a chakudya, sikadadikira chotero ikadadziwa kuti mnyamatayo adzakhala wosewera wopambana onse mu 2021, 2022 ndi 2024. Wokunkha wabwino salosera zam'tsogolo. Chimene amachita ndi kufukula malo ambiri, kusunga kaundula wa zimene wapeza, ndi kubwerera chaka chamawa kukaona pamene adalondola ndi pamene adaphonya. Ndipo munda umasinthasintha. Kuyambira mu 2021 malamulo adalola osewera a m'makoleji kulandira ndalama kudzera m'maina ndi zithunzi zawo, kotero ambiri amene kale akadathamangira ndime yachiwiri tsopano amasankha kukhalabe pasukulu. Wokunkha wa lero akufukula munda wosiyana ndi wa Marty Blake.

Khunkha la mu Africa

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Luc Mbah a Moute wa ku Cameroon. Adaphunzira ku UCLA, ndipo timu ya Milwaukee idamusankha pa nambala 37 mu 2008. Sadakhale katswiri wa mapointi, koma adakhala mu ligi zaka zoposa khumi chifukwa chodziwa kutchinga adani. Pa tchuthi ankabwerera kwawo kukachititsa misasa yophunzitsa achinyamata. Mu 2011 pa msasa wotero adaona mnyamata wamtali amene adali atangoyamba kumene masewerowa, dzina lake Joel Embiid, amene mu 2023 adakhala wosewera wopambana onse mu NBA. Pascal Siakam, amene adaphunzirapo kuseminale, adadzeranso m'misasa yomweyo, nakasewera kukoleji yosatchuka ya New Mexico State, nasankhidwa pa nambala 27 mu 2016, ndipo adatenga chikho ndi Toronto mu 2019. Munthu wokunkhidwa adasanduka wokunkha, chifukwa ankadziwa kumene anzake sayang'ana.

Kuyambira mu 2003 NBA yakhala ikuchititsa misasa ya Basketball Without Borders mu Africa, ndipo woyamba udachitikira ku Johannesburg. Mu 2021 idayambitsa ligi ya matimu a mu Africa yotchedwa BAL, imene masewero ake oyamba adachitikira ku Kigali. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yaimirapo dziko lathu m'mipikisano yolowera m'ligi imeneyi. Njira yopita kutali ilipo tsopano. Funso ndi lakuti mwana wa ku Muloza kapena ku Nkando angaipeze bwanji njirayo.

Nanga kwathu kuno?

Ku Malawi kulibe mwambo wa draft, koma kusankha kumachitika tsiku ndi tsiku, ndipo akatswiri athu otchuka kunja ambiri adali khunkha la anthu ena. Mpira wamanja wa ntchemberembaye, umene udachokera ku basiketibolo yemweyo utafika ku England m'zaka za m'ma 1890, udatipatsa Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba. Anthu a ku Australia adamuona pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Cook Islands mu 2009, ndipo adayambira pa timu yaing'ono ya Peninsula Waves, osati m'ligi yaikulu. Mu 2015 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney, ndipo mu 2020 adatenga chikho cha ligi ya ku Australia ndi Melbourne Vixens. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi adachoka ku DD Sunshine mu 2014 kupita kutimu ya m'ligi yotsika ku Sweden, asadakagwedeze zigoli ku China, Italy ndi France. Mng'ono wake Temwa adagoletsa zigoli 20 m'ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ndi timu ya Kansas City Current, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa nyengo imodzi. Timanyadira maina amenewa, ndipo ndi bwino kutero. Koma tikaonetsetsa, aliyense wa iwo adadutsa chifukwa diso la munthu mmodzi lidapezeka pamalo oyenera tsiku loyenera. Dziko silingadalire mwayi wotero mpaka kalekale.

Mulanje sasowa matupi amphamvu. Amene adaonererapo mpikisano wa onyamula katundu wa alendo m'phiri, uja umayambira ku Likhubula, akudziwa kuti kuno kuli mapapo ndi miyendo yosatopa. Mu 2024 timu ya FOMO, yobadwa m'bungwe losamalira ana amasiye, idasewera m'ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ndipo matimu otchuka adabwera kudzasewera pa Mulanje Park. Idatuluka chaka chomwecho, koma idaonetsa kuti ana a m'midzi yathu atha kuima m'bwalo limodzi ndi a m'tauni. Basiketibolo yekha ndiye wasowa mwayi, chifukwa amafuna bwalo la simenti ndi madengu awiri, zinthu zimene sukulu zambiri za kumidzi zilibe. Mwana wamtali wa kuno amangopatsidwa dzina lachipongwe n'kuikidwa pagolo.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri si kusowa kwa mabwalo, koma kusowa kwa kaundula. Ndaonererapo mipikisano ya masukulu yambiri m'boma lino. Ana amasewera mpaka fumbi kuti koboo, mlendo wolemekezeka amapereka chikho, anthu n'kubalalika. Funsani patapita chaka kuti mtsikana uja ankalanda mipira yonse pakati pa bwalo adali yani, adali ndi zaka zingati, adapita kuti, simupeza pepala. Amene amakumbukiridwa ndi wogoletsa yekha, komanso wamkulu thupi, amene nthawi zina zaka zake zidachepetsedwa kuti sukulu ipambane. Potero timabwereza zolakwa zonse zimene a ku America adachita m'zaka za m'ma 1950: kusankha za kandimverere, kuona msinkhu, ndi kusapita kumene msewu ndi woipa.

Chodabwitsa n'chakuti luso lokunkha lidakhazikika kale kuno ku Mulanje, kungoti lili m'minda ya tiyi. Tiyi woyamba ankadzalidwa kuchokera ku nthangala, choncho tchire lililonse m'munda lidali losiyana ndi linzake. Akatswiri a kafukufuku, amene likulu lawo lili ku Mimosa, ankayenda m'mizere pakati pa matchire zikwizikwi, kuika chizindikiro pa amene akuoneka kuti ndi osiyana, kudula nthambi zake n'kuzidzala padera, kuyeza masamba pasikelo nyengo ndi nyengo, kulawa tiyi wake, ndi kulemba zonse m'mabuku kwa zaka zambiri asadanene kuti mtundu uwu ndi wabwino. Mtundu wotchedwa SFS 150, umene udasankhidwa m'munda wa ku Swazi konkuno, udafalikira mpaka kumaiko ena olima tiyi mu Africa chifukwa chopirira chilala. Tchire limenelo lidali m'munda pamodzi ndi anzake, ndipo othyola tiyi ankalidutsa tsiku ndi tsiku. Chidalisiyanitsa ndi munthu woyenda ndi kope, wodekha mokwanira kubwererako. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati timatha kuchita zimenezi ndi tchire, tingalephere bwanji ndi ana athu? Sitikusowa ndalama za Chicago kuti tiyambe. Mphunzitsi wa zamasewero pasukulu iliyonse atha kukhala ndi kope limodzi la masamba 80, lolembamo dzina la mwana, tsiku lobadwa monga lilili pa chiphaso, msinkhu wake kumayambiriro kwa chaka chilichonse, ndi chinthu chimodzi chimene amachita bwino kuposa anzake. Pa mpikisano wa zoni, ana awiri a Fomu 3 atha kukhala pambali pa bwalo kuwerenga mipira yolandidwa ndi yotoledwa, osati zigoli zokha. Makope amenewa atafika kuofesi ya zamasewero ya boma, ndi kumabungwe monga MASSA ya masukulu, TESSAM ya makoleji ndi BASMAL ya basiketibolo, mphunzitsi wa timu ya ku Blantyre kapena wa kuyunivesite ya MUST ku Thyolo, pafupi pomwepa, akadakhala ndi poyambira. Ndipo amene tidapita kusukulu n'kupeza ntchito tikumbukire za Mbah a Moute. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Thumba la simenti ndi zitsulo ziwiri zopindidwa kwa wowotcherera wa pa Chitakale ndi chiyambi cha bwalo.

Mbiri ya zaka pafupifupi 80 za masankho a ku America yatisonyeza kuti mndandanda woyamba sudakhalepo wokwanira, ngakhale olemba ake ali ndi makamera, madokotala ndi makompyuta. Ife amene mndandanda wathu woyamba umalembedwa mothamanga, dzuwa likulowa, ndi mphunzitsi mmodzi wotopa, tili ndi chifukwa chachikulu chobwerera m'munda. Ana amene adalumphidwa chaka chatha akadali konkuno, ena akuthyola tiyi, ena akupalasa kabaza pakati pa Chitakale ndi Boma, ndipo zaka zawo zosewera sizidikira munthu.